Mfundo ya ku Chisi

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Lirangwe tilipo ndithu. Chichokereni inu, ine ndaona mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Esinati. Mphuno ndi yanu, liuma nalonso ndi lanu. Chimanga chinachita bwino, koma nandolo anathera m'mimba mwa mbuzi za aneba athu, ndipo mpaka lero timangopatsana moni wa pamwamba.

Nkhani yaikulu ndi iyi: ndapita ku Chisi, chilumba chanu chija cha pa nyanja ya Chilwa. Paja mukayamba kutamanda kwanu, ife tinkatsinana n'kumati mayi ayamba kuthira mchere. Inu mumangoti, "Sekani, ana a pafumbi inu, madzi mumawadziwira mu ndowa." Mwana atabadwa, kuseka kunandithera. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzandifunsa kwawo kwa agogo ake, ine n'kusowa munthu ngakhale mmodzi womulozera.

Mwanayo ndinamusiya m'manja mwa bambo ake ndi mlamu wanga, n'kukwera minibasi mpaka ku Zomba, kenako padoko. Ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi kuti abale anu andione bwino. Imodzi inatsala m'matope ndisanalowe n'komwe m'bwato. Ndikudziwa mwaseka.

Amayi, pepani, simunkanama. Tinadutsa m'mabango, akakowa akuuluka mbuu, n'kupyola tinyumba ta asodzi toyandama pa udzu. Milambe ija ilipo, ina anthu asanu sangaikumbatire. Ndinakwera phiri wopanda nsapato, ndipo pamwamba ndinaona madzi mbali zonse, uku Zomba, uko Mulanje. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, kenako ndinalira pang'ono.

Koma dzina lanu palibe amene ankalidziwa. Ndinafunsa kuchitsime, ndinafunsa pamsika, onse amati zakale zimenezo. Ndinabwerera padoko mtima utagwa. Ndinagula matemba, thumba n'kumamasuka, ndiye ndinalimanga ndi mfundo yanu ija yopinda kawiri n'kubweza, imene akazi a pachigayo ankati ndi yotaya nthawi.

Mkulu wina amene ankasoka ukonde pafupi anaimika ntchito. Anatenga thumba langa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mfundo iyi ndi ya pakhomo pathu. Esinati ali kuti?"

Anali a Mpinga, asuweni anu. Nditawauza kuti tinakuikani chaka chatha, anakhala pansi n'kuvula chipewa. Kenako anandigwira dzanja n'kunditengera pansi pa bwemba wina, pamene panali nyumba ya agogo. Akuti munkakwera mtengowo kuposa anyamata, zimene inu simunatiuzepo. Mbumba yonse inasonkhana, aliyense akufuna kundigwira, ndipo ulendo wa tsiku limodzi unasanduka wa masiku atatu. Nsapato a Mpinga anandipatsa zawo, zazikulu ngati mabwato.

Zaka zonse zija ndinkati munatisiyira mbale ndi zitenje basi. Sindinkadziwa kuti njira ya kwanu munaiika m'zala zanga.

Mvula ikatha ndibwererako ndi Esinati kumbuyo, abale anu akamuone. Ndipo ndikulonjeza kuti zala zake zikangokhwima, ndidzamuphunzitsa mfundo ija, anthu a pachigayo aseke mmene angasekere.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu wa pafumbi,
Lonely