Nyimbo Yanu ya M'tsimba Ili M'mafoni

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Bua tilipo, Alhamdulillah, ngakhale mtima wanga sunakhale pansi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Mwanaisha anachira mwezi wa Ramadhani. Mwana wake ndi wamkazi, tamupatsa dzina lanu, ndipo akayamba kulira sanyengerereka, inu nomwe. Mpunga wa kudambo unacha bwino, kungoti madzi anatidyera ndime ya kumunsi. Mpasa wachepa mumtsinje. Bambo a Mwanaisha bondo likuwavutabe, koma ukatchula chipatala amati mawa.

Tsono nkhani ndi iyi. Mukumukumbukira mayi uja wa ku Colombia, wojambula kanema, amene achimwene a Saidi anabwera naye kuchokera ku loji ya ku Ngala komwe amagwira ntchito? Ankati akukonza kanema wa gule wa kwawo, salsa, kuti anthu a mtundu wake adziwe kuti ng'oma zawo zinachoka kuno ku Africa ndi akapolo. Munamukonda inu. Anakugwirani dzanja pabwalo n'kumakuphunzitsani kaponyedwe ka mapazi, kutsogolo, kumbuyo, inu kuseka mpaka mpango kugwa. Munati, "Awa ndi ana athu otayika, chiuno sichinama." Munamuimbira za paukwati ndi za pamtondo. Atapempha za chinamwali munakana, munati za m'tsimba zimathera m'tsimba. Iye anamva, sanakakamize.

Kanemayo anatuluka inu mutatisiya kale, n'kufika kumsika wa ku Benga m'mafoni a anyamata. Ndinamuona ndi maso angawa pa foni ya mayi wogulitsa zitenje. Anthu a kwawo akuvina awiriawiri, malipenga akulira, nkhalamba zikufotokoza za makolo awo misozi ili m'maso. Zonsezo ndilibe nazo mlandu. Koma chapakati ng'oma zinatsika, n'kumveka mawu anu. Nyimbo ya m'tsimba, amayi! Ija munkaimba pomaliza kulanga namwali, imene mwamuna sanaimvepo chikhalire. Kenako n'kutulukira achimwene atavala chipewa chatsopano, akunena m'Chingerezi kuti inu mwini munaipereka mokondwa.

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Anyamata a kabaza akuiimba ndi mluzu pamsewu, osadziwa n'komwe chimene akuimba. Azimayi kumzikiti anasiya kundiyankha salamu. Ankati namkungwi wamkulu, amene tinkamupatsa ana athu, anagulitsa mwambo asanafe. Inu amayi, amene simunauzeko ngakhale abambo m'nyumba!

Ndinakumbuka kuti chaka chimene mayi uja anabwera alamu anga a Asiyatu, akazi a achimwene, anakhala pafupi nanu m'tsimba ndi kadengu kovundikira, osakasiya pansi. Ndinakawapeza okha kumunda wa chinangwa. Sindinawakhudze, ndinangowayang'ana. Analira okha. "Mlamu, ananditumiza ndi a Saidi. Anati ndibise kojambulira mawu m'dengu. Iwo omwewo anamunamiza mayi uja kuti apongozi avomera."

Achimwene nditawafunsa anaseka. Ati, "Iwe Zainabu, dziko lonse lamva amayi, m'malo mothokoza ukulira? Akufa sachita manyazi." Mawu amenewo ndinawameza koma sanatsike. Kuyambira tsiku limenelo uchimwene unatha, ndimangoti Saidi. Paja munkati mlandu suola.

Chaka chitakwana chitisiyireni, Saidi anakonza sadaka yanu kunyumba kwake, yaikulu, yoti anthu amuone. Anapha mbuzi, anagula mpunga, anaitana ashehe ndi azibambo a mbali zonse. Anaiwala chimodzi, kuti sadaka saphika mwamuna. Ine ndinali nditayenda kale khomo ndi khomo nditawatenga a Asiyatu, kuti anene ndi pakamwa pawo kwa azimayi. Tsikulo palibe mkazi anatunga madzi, palibe anasonkha moto. Nyama ili pamtengo ntchentche zikuizungulira, azibambo ali pamphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kumangoyang'anana. Ife tonse tinali kwanga pansi pa mango, manja pamiyendo.

Mundikhululukire, amayi, kuti dua yanu, pemphero la ashehe lija, ndinaichedwetsa. Zinandiwawa kwambiri, koma dzina lanu linali m'matope.

Saidi anabwera thukuta lili kamukamu. Anayamba ndi "mlongo wanga". Ndinati, "Usalankhule ndi ine, lankhula ndi awa." Anagwada pafumbi, munthu wamkulu ndi ndevu zake, pamaso pa azimayi onse, n'kunena kuti inu munakana, wakuba ndi iye. Ndinati abwereze, akumbuyo sanamve. Anabwereza. Ndisaname, amayi, ndinamva kukoma, ndipo ndikanakonda abwereze mpaka mawu amuthere. Ndiye tinanyamuka kukaphika, ashehe n'kuwerenga dua yanu. Azimayi omwe ankandilambalala aja anadzandigwira dzanja, ena akulira.

Saidi tinamukakamiza kuimbira foni mayi wa kanema uja pamaso pathu. Mayiyo analira pa foni, akuti aichotsa nyimboyo. Chabwino, iyenso anapusitsidwa. Koma m'mafoni a ku Benga ndani aichotse? Anamkungwi anakumana sabata yatha n'kugwirizana kuti nyimbo imene amuna aimva siilowanso m'tsimba. Basi yatha. Nyimbo imene munailandira kwa amayi anu, ine n'kuilandira kwa inu, ndilibenso woti ndimupatse. Taiika m'manda, Saidi ali moyo, akudya, akukhuta.

Anthu akuti ndimukhululukire, ati magazi ndi amodzi, ati anagwada kale. Anagwada chifukwa nyama inkaonongeka, amayi, ine ndikumudziwa. Ndikukulonjezani kuti pakhomo panga sadzamwapo madzi kufikira tonse tidzabwere kumeneko, mudzatiweruze nokha.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani zedi.

Ndine mwana wanu,
Zainabu