Khoma Latha, Makapu Awiri

Lachisanu, mwezi wa Okutobala. Kunatentha kwambiri, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Lero a Sakala, kontilakita amene akhala akundimangira mpanda kuno ku Libala, aika buloko lotsiriza. Ndiyenera kulemba choonadi: ntchito yawo ilibe banga. Chiyambire ndakhala ndikuwalondalonda ndi ndodo yanga, kuloza apa ndi apo, koma sanandiyankhepo mwano. M'mawa uliwonse ankandiikira mpando pamthunzi, nandipatsa paipi kuti ndizithirira khoma, pakuti simenti yosamwa madzi imang'aluka. Chimwalirireni mayi a ana anga, pabwalo pano panali zii kufikira anthu amenewa atabwera.

Madzulo, antchito akutsuka mafosholo, ndinanena kuti mzere wapamwamba ndi wokhota. Sunali wokhota ayi. Ndinangoopa bata la mawa. A Sakala anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Ba shikulu, khoma ili che bwino," anatero, kunditchula agogo m'kalankhulidwe ka m'tauni muno. "Koma simenti ikali mwana, ifuna manzi. Imwe muzitila kuseni, ine nizabwela mailo kuona ngati simugona pa nchito. Muikeko tiyi."

Ati ine ndizithirira m'mamawa, iwo abwera mawa! Ndinawadzudzula kuti munthu wamkulu salamulidwa pakhomo pake. Iwo anaseka, navula chipewa, napita.

Paipi ndaikulunga bwino pafupi ndi chitseko. Makapu ndatsuka awiri, aja a alendo, amene akhala m'kabati chichokere malemu. Koma sindinawafunse a Sakala ngati amamwa tiyi wamkaka kapena...