Cholembera Chotsegula Kale

Lolemba, 3 Malichi
Asanu ndi awiri asaina lero. Dzina langa pamwamba pa bolodi la olemba anthu, mnzanga wa ntchito Wamtali anayi okha, nkhope ngati wamwa kwinini. Kafukufuku wa mapiritsi atsopano a kuthamanga kwa magazi akufuna anthu mazana atatu. Njira za kumaphunziro zija zikugwira: cholembera chotsegula kale, kuchiika m'dzanja la munthu ndikadawerenga fomu, kenako kutchula kuti anzake ambiri alembetsa. Si bodza. Ndasangalala, ndisabise.

Lachitatu, 5 Malichi
Azakhali pa benchi la odikira, adzayezetsa magazi awo othamanga aja. Amva kuti wolemba anthu ndine, alowa okha. Dzanja langa lachita zomwe lazolowera. Asaina ndisanafike tsamba lachiwiri, la chizungulire ndi kutengedwa magazi mwezi ndi mwezi. "Ukanena iwe, mwanangu, basi." Ndawawonjezera pa bolodi. Wamtali wati ndayamba kukolola ndi kumudzi komwe.

Lachinayi
Foni m'mawa. Azakhali akufunsa kuti mankhwala awo amphamvu aja ayamba liti. Sakudziwa kuti theka la anthu lipatsidwa akale omwewo, wosankha ndi kompyuta. Komanso awa ndi munthu woona singano n'kuyamba kutsanzika abale. Manyazi andigwira.

Loweruka, 8 Malichi
Kwa azakhali, fomu yatsopano, masamba onse sikisi. Cholembera ndachisiya m'chikwama. Mafunso ngati kukhoti, maola awiri, tiyi mpaka kuzizira. Pomaliza ndawauza kuti akakana, adokotala aziwathandizabe monga kale. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Nanga bwanji sunayambire pamenepo?" Akana. Andiperekeza mpaka pa geti, tikuseka za singano. Ndabwerera wopepukidwa.

Lolemba, 10 Malichi
Ndafufuta mmodzi pa bolodi. Abwana afunsa chifukwa, ndanena zoona, angoti tikambirana Lachisanu. Cholembera chakhala patebulo, chotseka. Atatu okha lero. Bambo wina wachitenga yekha atandifunsa kawiri za chizungulire, ndamukonda. Wamtali ali pamwamba tsopano, akuyenda ngati wagula chipatala. Asangalale, nane chakudya chalowa bwino.

Koma asanu ndi awiri a Lolemba lapitalo akubwera mawa kudzatengedwa magazi koyamba. Mafomu awo ndatulutsa kale mu kabati. Ndiyambira tsamba lachiwiri.