Mankhwala a amayi ali m'sutikesi

Alongo anga a Misozi,

Muli bwanji ku Toronto pamodzi ndi alamu? Kuno ku Kabwata tili bwino, koma mtima wanga uli m'mwamba.

Amayi akwela ndege lelo. Potsanzikana anandiuza kuti mankhwala awo a shuga ali m'sutikesi yaikulu, imene inali italowa kale ku malo a katundu m'ndege. Ndinawafunsa kuti adzamwa chiyani m'njila. Iwo anangoti, "Iwe, ndege ikaima pa Dubai ndidzauza kondakitala anditsitsile, monga basi ya ku Chipata pa Luangwa."

Alongo, kukafika ku Dubai ndi maola asanu ndi awili, kuchoka pamenepo kufika kwanu ndi khumi ndi anayi. Sutikesiyo sadzaiona njila yonse.

Chonde, mukawadikile amayi pabwalo la ndege mankhwala ali m'manja. Mulungu awasunge. Ine sindigona mpaka nditamva mawu awo.

Ndine mlongo wanu,
Mabvuto