Pensulo ya M'munsi mwa Chithunzi

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Denga la shopu likudonthabe pakona, ndaikapo ndowa. Mafelemu atatu lero: satifiketi ziwiri, chithunzi cha ukwati chimodzi.

Masana kwabwera a Namwino, aja anasamalira mayi a kunyumba nthawi ya opaleshoni. Anapuma pantchito mwezi watha. Afika atafungatira katoni yopyapyala ngati khanda. Mkati mwake chithunzi, anachigula ku chionetsero cha zithunzi. Akuti zaka makumi atatu akhala akugulira ena, ichi n'choyamba kudzigulira okha.

Andipatsa malamulo atatu, ndawalemba pakhoma: osagwira ndi manja, galasi lisakhudze pepala, guluu ayi. Andisiyira magolovesi oyera a thonje. Potuluka anati, "Ndabwera kwa inu a Milimita chifukwa simuphonya." Dzinali anandipatsa ndi anzanga, ati ndimayeza ndi buledi yemwe.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ntchito yaima. Ndangokhala ndikuyang'ana.

Chithunzichi n'chakuda ndi choyera basi. Mayi akuyanika nsalu ya pabedi pachingwe, mphepo yaikweza m'mwamba, nkhope yabisika. Akuoneka manja okha, ndi mapazi ataima ndi zala. Pachigongono kadontho ka madzi, katsala pang'ono kugwa. Sindinkadziwa kuti kuda kuli ndi mitundu yambiri chonchi. Ndawerenga isanu ndi iwiri. Pepala lake lokhuthala, lofewa ngati nsalu.

Zaka 22 ndikuika m'mafelemu anthu oima chilili ngati akudikira jakisoni. Mayi uyu sakudziwa n'komwe kuti akujambulidwa. Amene anajambula apa, maso ake si ngati athuwa.

Chimodzi chokha chikundisowetsa mtendere. Malire oyera a pepalali: pamwamba masentimita 4, m'mbali 4, m'munsi 7. Ndayeza katatu. Ndipo m'munsimo muli zokhwatchakhwatcha za pensulo, pambali pake 4/15. Muyeso wa wosindikiza, ndikuganiza. Ifenso timalemba pathabwa, tikamaliza n'kupala. Munthu waluso chonchi kuiwala kuchotsa!

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndadula. Lezala yatsopano, rula yachitsulo, magolovesi m'manja, osapuma mpaka kumapeto. Tsopano 4 mbali zonse. Chakongola kuposa kale, kunena zoona.

Kachidutswa ndakaika mu envelopu, monga ndimachitira ndi zodula za kasitomala aliyense. Mayi a kunyumba amaseka maenvelopu angawa, ati tsiku lina adzatitulutsa m'nyumba.

Thabwa lakuda, lopyapyala, lopanda maluwa. Felemu isapikisane ndi chithunzi.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kwa Wamagalasi. Iyeyo ndi amene amadulira magalasi anthu a ku chionetsero. Ndinamufotokozera monyadira momwe ndawongolera malire. Anaika chodulira pansi. "Achimwene, mwadula siginecha."

Zokhwatchazo ndi dzina la wojambula. 4/15 ndiye kuti anasindikiza khumi ndi zisanu zokha, ichi n'chachinayi, ndipo sadzasindikizanso. Popanda zimenezo, akuti, chili ngati satifiketi yopanda chidindo. Mtengo wake sanafune kutchula. Anangoliza kamluzu.

Ndinatuluka. Galasi ndinaliiwala pakauntala, ndinachita kulibwerera.

Loweruka, 8 Febuluwale

Nsima ndaisiya m'mbale. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, n'kuti, "Bambo, mwapha munthu kapena?" Ndinawauza. Sanaseke.

Maganizo awo: ndiike katoni yoyera kuzungulira chithunzi, ibise m'mphepete. A Namwino adziona ngati dzina lili kuseri. Angatsegule felemu ndani?

Ndinayesa. Ndinabwezeranso kachidutswa pamalo pake, mzere wake ngati tsitsi. Ndi katoni pamwamba palibe angadziwe. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Mayi uja akuyanikabe nsalu yake, alibe nazo ntchito. Koma ine ndikudziwa.

A Namwino aja anakhala pafupi ndi bedi la mayi a kunyumba nthawi yawo yoweruka itadutsa kale. Ndinali pakhonde la chipatala, ndinaona ndi maso anga.

Ndachotsa katoni ija.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndawauza a Namwino. Ndinawapatsa mpando kaye, kenako envelopu.

Anatulutsa kachidutswa, n'kukagwira m'mbali ndi zala ziwiri. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Malamulo ndinakupatsani atatu. Lachinayi ndinkayesa aliyense amalidziwa."

Ndinati sukulu ndinalekera sitandade 6, za manambala a ojambula sindinamvepo. Nditanena ndinachita manyazi. Sukulu ilibe mlandu, ndikanafunsa. Nambala ya foni yawo ili pakhoma pomwepa, m'munsi mwa malamulo.

Atenga chithunzi chopanda felemu, ndi envelopu yomwe. Magolovesi awaiwala.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Magolovesi akadali pamsomali. Felemu yakuda ili pashelefu, yopanda kanthu. Ndimaipukuta m'mawa uliwonse, sindikudziwa chifukwa chake.

Dzuwa latuluka lero. Mayi a kunyumba amayanika zochapa, mphepo n'kukweza nsalu ya pabedi. Ndinaima pakhomo tepi ili m'manja. Zaka zonsezi amaima ndi zala chonchija, ine osaona. Anatembenuka n'kuti, "Mukuyezanso chiyani pamenepo, a Milimita?"

Loweruka, 22 Febuluwale

A Namwino abwera! Pamodzi ndi wojambula yemwe.

Ndinkayembekeza chimunthu cha suti. Koma kamdala kakafupi, ka ndodo, jekete lothothoka mabatani. Anadwala sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja lili lende. A Namwino anawafufuza kudzera kwa anthu a chionetsero, n'kukawatenga pa taxi.

Ndinawapatsa mpando, ndinaupukuta kawiri. Anayang'ana podulidwa paja atayandikitsa diso. Ndiye anati, "Dzanja lanu ndi labwino, bambo. Vuto ndi amene amalituma." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine thukuta kamukamu.

Malire a m'munsi amawasiya aakulu dala, akuti, kuti chithunzi chikhale ndi poponda. Mphepo ija anaidikira masiku atatu. Kadontho ka pachigongono anakaona atasindikiza kale. Nditawauza kuti ndinawerenga mitundu isanu ndi iwiri ya kuda, anandikonza: "Ilipo isanu ndi inayi. Koma ambiri amaona iwiri."

Anapempha pensulo yofewa. Ndinaisongola ndi lezala yomwe ija. Anatembenuza chithunzi n'kulemba kuseri ndi dzanja lamanzere. Dzina lokha linatenga mphindi zinayi, ndinaona pawotchi. Zilembo zopindikapindika ngati za mwana wa sitandade 1. Kenako 4/15. Kenako mawu akuti malire anadulidwa ndi wopanga felemu, ndi deti. Zandiwawa, koma n'zoona, ziyenera kulembedwa.

Mdalayo sanabise: wogula wina sangapereke ngati kale. A Namwino anati, "Sindinagule kuti ndigulitse." Ananena akuyang'ana kukhoma, osati kwa ine.

Chithunzi achisiya. Envelopu ndiimate kuseri kwa felemu, pathabwa, osati papepala.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Ndamaliza dzulo. Chithunzi chagwidwa ndi timakona ta pepala, guluu palibe. Pakati pa galasi ndi chithunzi mamilimita atatu. Fumbi ndinachotsa kanayi ndisanatseke.

Ndakapereka ndekha, nditachikulunga m'bulangeti. A Namwino amafuna khoma loyang'ana pawindo. Ndinalimba mtima n'kukana: dzuwa la masana limamenya pomwepo, lingachifufutse. Analoza lina. Ndinaligwira ndi chikhatho, lozizira, kuseri kwake ndi bafa. Chinyezi chingabweretse nkhungu. Tinakhomera pakhoma lamkati, moyang'anana ndi mpando wawo.

Anakhala pansi n'kuyang'ana.  Kenako anati, "Za makoma ndiye mumazidziwa." Mawu oyamba ofewa chiyambire tsiku lija.

Ndikulongedza nyundo, analowa kuchipinda. Anatuluka ndi katoni ina yopyapyala. Mdala uja anawapatsa tsiku lomwe lija, yothokoza pa ulendo. "Iyi ndi 9/15. Lezala ija muipereke kwa akazi anu, akusungireni."

Ili pabenchi panopa. Sindinatsegule. Ndowa ndaisuntha, benchi ndapukuta, m'manja ndasamba kawiri. Lezala ili m'chikwama cha mayi a kunyumba, akuti sindiiona mpaka mwezi wa mawa. Pakhoma ndawonjezera lamulo lachinayi: funsa kaye.

Magolovesi aja ndinawachapa, auma. Nditsegule tsopano, kuwala kukadalipo.