Mbewa Zisanu M'chitini cha Penti

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ndine Yotamu, mwana wanu uja munkati anabadwa pakamwa patatsogola, miyendo n'kubwera pambuyo. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Sukulu ndinalekera giredi faivi, mukudziwa, ndipo manje maso nawo apuma pantchito osanditsanzika. Mano atsala anayi, awiri kumwamba awiri pansi, koma amapewana ngati munthu ndi apongozi ake.

Kuno ku Chinyunyu tilipo. Chimanga chachita bwino kudambo, chakumtunda chinapsa ndi dzuwa. Mango munabzala aja akubalabe. Anyani ndi apaulendo amagawana mwachilungamo, ine mwiniwake ndimatola nthanga. Tereza, mdzukulu wanga wamng'ono, wabereka mwana wamkazi, ndipo mchombo wagwa dzana. Za dzina lake ndikuuzani kumapeto, poti ndilo landigwiritsa bolopeni.

Mukumukumbukira Jesinta, mkulu wake wa Tereza, uja munkamubereka kumbuyo mukusenda chinangwa? Anakwatiwa ku Rufunsa ndi Lameki, dalaivala wa minibasi. Zaka zinayi tsopano, mwana palibe. Ndipo mwezi uliwonse, akakhala kumwezi, m'mimba mumamupinda ngati chikwanje chosulidwa molakwika. Tsiku lina masana ndinapita kukamuona, nditakonzeratu nthabwala panjira. Ndisanagogode ndinamva kubuula m'nyumba. Amayi, ndinauma pakhomo ngati chitsa. Kubuula kuja ndinakudziwa. Kunali kwa Mailesi.

Kodi Mailesi muli naye kumeneko? Mwana wanu wamkazi mmodzi yekhayo, mlongo wanga wonditsatira. Ndikukumbutsani zimene simunaiwale, chifukwa ine ndinayesa kuziiwala. Mwezi ndi mwezi ankagona pamphasa atakumbatira mawondo, inu mukumuwotchera njerwa, n'kuikulunga m'chitenje, n'kumuika pamimba. Nthawi zina munkamutengera ku madzi otentha a pakasupe aja, kumunsi kumene amayamba kuzizira, n'kumukhazika m'menemo mpaka atasiya kunjenjemera. Ine ndinkatani? Ndinamupatsa dzina loti Namagona. Ndinkauza anthu kuti matenda a mlongo wanga ndi ophunzira, amawerenga kalendala, amadziwa tsiku lopalira. Mudzi wonse unkaseka. Inu munkandiuza kuti, "Yotamu, nthabwala ili ngati moto wa osaka mbewa: woyatsa sadziwa nkhokwe imene idzapsa."

Inapsadi. Tsiku limene a kuchimuna anadzamubweza poti sanabereke, amalume a mwamuna wake anati, "Ngakhale mlongo wake weniweni amanena kuti ndi ulesi." Mailesi anandiyang'ana kamodzi kokha. Anakhala nafe zaka zambiri pambuyo pake, akundiphikira, akundichapira, koma sindinamuonenso akuseka nthabwala yanga. Atamwalira, akuluakulu anamuika khala kumsana monga ankachitira ndi wosasiya mwana, kuti asabwerenso, ndipo dzina lake silinapatsidwe kwa mwana aliyense. Ine ndinali pomwepo. Tsiku limenelo pakamwa panga panali chete, tsiku lokhalo limene panafunika kuyankhula.

Tsono imvani, Amayi. Jesinta anapita ku chipatala chachikulu ku Lusaka, madokotala anamuunika, ndipo matendawa ali ndi dzina. Akuti endometiriyosisi. Ndinayeserera kulitchula masiku atatu. N'lalitali ngati basi ya ku Chipata yokoka ngolo. Akuti kanyama kofanana ndi kamene kamayala m'kati mwa chiberekero kamamera kunja kwake, m'mimba momwemo, ndiye mwezi ukafika nako kamatupa, kamapanga zilonda, nthawi zina n'kutseka njira ya mwana. Si ulesi. Si mchere wothiridwa pa tsiku lolakwika. Si mfiti. Anamupatsa mapiritsi ochepetsa ululu, koma ochiziratu akuti sanapezeke.

Jesinta anandiwerengera pa foni yake kuti kumaiko akutali anthu ophunzira akuyesa mankhwala atsopano pa mbewa. Amaika kanyama kaja m'mimba mwa mbewa, n'kuipatsa mankhwala, n'kuona ngati zilonda zikufota. Ndinati, "Pa mbewa? Ndiwo zathu zija?" Anati, "Ee, ambuya, koma zimatenga nthawi." Ine ndinaganiza kuti chowachedwetsa n'chimodzi: anthu a m'tauni sadziwa kukumba mbewa.

Nthawi yake inali yomweyi, titakolola. Ndinatenga khasu, ndinatsata mauna a mbewa m'munda wakudambo, msana ukulira ngati chitseko cha tchalitchi. Kuigwira yamoyo n'kovuta, Amayi. Dzanja langa linazolowera kuimenya. Ziwiri zinandiluma. Ndinapeza zisanu, zazikazi zokhazokha, poti ndinaganiza kuti zamphongo sizingathandize pa nkhani ya amayi. Ndinaziika m'chitini cha penti, ndinaboola mabowo, ndinathiramo mtedza, n'kuvala jekete langa la pa Sande, ulendo wa ku kiliniki.

Ba nesi, amene amanditchula agogo m'Chibemba, anafunsa kuti, "Ba shikulu, chikuwawa n'chiyani lero?" Ndinati, "Ine ndili bwino, ndabweretsa odwala anu." Atatsegula chitini anakuwa, mzere wonse unabalalika, mayi wina wa ndodo anaiwala ndodo yake. Anthu anati, "Ndi aYotamu awa, ayambanso!" Koma ba nesi atandiyang'ana anaona kuti sindikuseka. Ananditengera pambali, ndinawafotokozera za Jesinta. Anati, "Ba shikulu, mbewa zimenezo si za m'munda. Zimabadwira m'nyumba zaukhondo, makolo ake amadziwika. Ndiponso mankhwala akachiza mbewa, sikuti achiza munthu. Amayesedwanso zaka zambiri. Zanuzi bwererani nazo. Mdzukulu wanuyo akufuna munthu womukhulupirira lero."

Ndinabwerera, chitini chikukwasakwasa pamiyendo. Ndinaganiza kuti: taonani, mbewa siyankhula, koma anthu ophunzira akukhulupirira kuti ikudwala, akuiyang'anira m'mawa ndi madzulo. Mailesi ankayankhula Chinyanja chomveka bwino, ndipo tinamuseka. Nditafika sindinathe kuzifutsa. Ndinakazimasula m'mphepete mwa munda. Ine munthu wa kum'mawa, wokulira ndiwo za mbewa, kumasula mbewa zonona! Mukawauze atate pang'onopang'ono, angamwalirenso kachiwiri.

Loweruka lapitali amake Lameki anaitanitsa bwalo la banja, kuti Jesinta abwerere kwathu, mwana wawo apeze mkazi wina. Tinakhala pansi pa mthunzi. Mayiwo anati, "Matenda anji odziwa tsiku lochapa ndi tsiku lopita kumunda? Ali ndi kalendala?" Amayi, nthabwala yanga yomwe ija. Yayenda zaka makumi asanu, yakalamba ngati ine, n'kudzandipeza itavala duku. Anthu anaseka, n'kucheukira kwa ine kuti ndithire mchere monga mwa nthawi zonse. Jesinta anandiyang'ana kamodzi kokha. Maso anali omwe aja a Mailesi.

Ndinatulutsa njerwa imene ndinabwera nayo m'thumba, ndinaiika pamphasa. Ndinati, "Mayi, mawu amenewo ndi anga, ndinawapanga ndine, ndipo ali m'manda ndi mlongo wanga." Ndinawauza zonse: Namagona, njerwa, khala, mbewa zanga zisanu. Dzina la matenda ndinalitchula osaphonya. Ena anayamba kuseka podikira pothera pa nthabwala, koma pothera panalibe. Lameki, amene anangoti zyolii kuyambira m'mawa, anadzutsa mutu nati, "Amama, mkazi wanga sapita kulikonse. Ndimamuona ndine akamakomoka." Amake ananyamuka osatsanzika. Sindikunamizeni kuti zatha, mayi amene uja adzabweranso. Koma Jesinta ali m'nyumba mwake.

Tsono za khanda la Tereza. Anandipatsa ulemu woti nditchule dzina. Ndinati Mailesi. Azimayi achikulire anagwira pakamwa, ati dzina limenelo linatsekeredwa, lidzamutsekera mwana mimba. Tereza anayang'ana mkulu wake Jesinta, nati, "Ndi Mailesi." Mwanayo amalira mokweza, Amayi, mpaka oyenda pamsewu waukulu amamva. Akalira ndimathamanga ndi miyendo yangayi. Sindifunsa ngati akunamizira.

Ngati muli naye pafupi mlongo wanga, muuzeni kuti dzina lake labwerera kumudzi. Muuzeni kuti matenda ake anali enieni, moti mpaka mbewa za kunja zikumudwalira. Ayi, zimenezo musamuuze, angaganize kuti ndikuseka.

Ndikulonjeza kuti mwezi uliwonse njerwa ya Jesinta ndiziwotcha ndine, ndipo akamapita ku Lusaka ndizimuperekeza mpaka miyendo itakana. Sindichedwa kubwera kumeneko. Ndikadzafika, mudzandikhazike pakhomo pa Mailesi. Ndidzakhala chete, Amayi, inu simunandionepo choncho, mpaka iye atayamba kuyankhula.

Ndine mwana wanu wosamva, wokukondani mpaka pano,
Yotamu