Akuti Mwana Wanga Ndi Katswiri, Koma Sadziwa Kugawa Kapu ya Shuga

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, dzina lake Eunsol. Ali m'giredi sikisi ndipo mwezi wa Malichi akulowa sukulu yapakati, imene ana amadutsamo asanafike kusekondale. Ndikulemba mtima uli m'mwamba, chifukwa aliyense kwathu kuno akuti mwana wanga ndi katswiri, koma ine mayi wake ndikuona kuti akumira.

Mchemwali wake wamkulu wa mwamuna wanga, alamu anga a Mi-ryeong, ali ndi hagwon, sukulu yamadzulo ya masamu, pamwamba pa sitolo ya mankhwala pafupi ndi kwathu. Eunsol adayamba kupitako ali m'giredi 3. Alamu adakanitsitsa kulandira malipiro, amvekere mwana wa mlongo wawo ndi wawo yemwe. Kaphunzitsidwe kake ndi kaja mukukadziwa: mwana aphunzire za chaka chamawa ndi zamkuja anzake asanazinunkhize n'komwe. Buku likatha, lina lili kale padesiki. Panopa Eunsol ali pa masamu a chaka choyamba cha sekondale, ndipo dzina lake lili pansalu yaikulu imene alamu adaipachika pakhoma la nyumbayo, yolengeza ana amene apita patsogolo kwambiri. Ukaima podikirira basi umaliwerenga bwinobwino. Amayi anzanga amandiimitsa pageti la sukulu n'kumandifunsa, "Amake Eunsol, kodi mwanayu mumamudyetsa chiyani?"

Pa Chuseok, chikondwerero cha zokolola, tidasonkhana kwa apongozi, tikuumba timikate ta mpunga. Ufa udachepa, ndiye padafunika kuthira theka la shuga amene timathira masiku onse, amene amakhala makota atatu a kapu. Apongozi, monyadira, adati tifunse katswiri wathu. Eunsol adayang'ana kapuyo kwa nthawi, nkhope itafiira, kenaka adafunsa motsitsa mawu, "Agogo, funsoli ndi la mtundu uti?" Onse adaseka poganiza kuti akuchita nthabwala. Ine sindidaseke. Ndidaona kuti mwana wanga amadikira kuuzidwa mtundu wa funso kuti akumbukire njira imene adaloweza, ndipo popanda zimenezo alibe pogwira.

Sipadapite nthawi, aphunzitsi a m'kalasi mwake, a Bong, adandiitana. Adandiuza mwaulemu kuti nthawi ya sayansi ndi ya mbiri ya dziko Eunsol amalemba ntchito ya kuhagwon pansi pa desiki, ndipo akamufunsa amayankha kuti zakusukulu ndi za makanda. Komatu pamayeso a masamu a zigawo, a theka ndi kota omwewa, adalephera. Adamupatsanso nkhani yoti awerenge yonena za mafumu akale. Adawerenga liwu lililonse osaphonya, koma sadathe kufotokoza zimene wawerenga, chifukwa sakudziwa n'komwe kuti pakati pa Goryeo ndi Joseon udayamba ndi ufumu uti, zimene anzake adaphunzira chaka chatha iye ataweramira buku lina. A Bong adati, "Mayi, za chaka chino timazikhazika pa za chaka chatha. Eunsol pansi pake pali mphako, ndipo iye mwini akudziwa."

Nditamuuza mwamuna wanga, Tae-gyun, adangogwira mutu. Bambo ake atamwalira adaleredwa ndi mchemwali wake yemweyu, ndiye pamaso pawo amasanduka mwana. Adati, "Ukufuna ndikawauze chiyani? Kuti zaka zonsezi akhala akutiwonongera mwana?" Ndidalimba mtima n'kupita ndekha kwa alamu. Adandiseka ngati ndanena zachibwana. Adati ana onse amatero, zikadzabweranso kusukulu zidzalowa zokha, ndipo ndikamubweza panopa anzake amusiya ndipo sadzawapezanso. Adawonjezera kuti patchuthi cha nyengo yozizira chikubwerachi akufuna kumuyambitsa buku la chaka chachiwiri.

Masiku ano Eunsol amadzuka akudandaula m'mimba. Adokotala sadapeze kanthu. Sadya bwino, ndipo kuseka kudatha. Sabata yatha ndikumupesa tsitsi adandiuza, osandiyang'ana, "Amayi, musawauze azakhali kuti sindidziwa. Akachotsa dzina langa, aliyense adziwa kuti ndine mbuli."

Aphungu, ndikamusiya kumeneko ndikuopa kuti ataya mtima pa sukulu mpaka kalekale. Ndikamuchotsa, ndanyoza munthu amene adalera mwamuna wanga ndipo watiphunzitsira mwana mwaulere, komanso mwanayo achita manyazi pamaso pa anzake. Tchuthi chayandikira. Ndigwire mtengo wanji?

P.H., Cheongju

Amake Eunsol,

Mchotseni mwanayo tchuthi chisanayambe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kalata yanu ikuonetsa kuti yankho mukulidziwa kale, chimene mukusowa ndi wokukankhani.

Ndidaphunzitsako pulayimale zaka zambiri ndisanayambe kuyankha makalata, ndipo ana ngati Eunsol ndidawaona ochuluka moti ndikaona nsalu zapakhomazo mtima umandiwawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene adasanja maphunziro a ana athu sadachite maere. Mwana amayamba wagwira theka ndi kota m'manja, kenaka amaphunzira kuyerekeza kuchuluka kwa zinthu, ndipo akadzafika pa masamu a zilembo amakhala akungopatsa mayina atsopano zinthu zimene amazidziwa kale. Mukamudumphitsa, chimene chimatsala ndi kuloweza, ndipo kuloweza kuli ndi polekezera. Kuwerenga nakonso n'chimodzimodzi. Munthu amamva nkhani ndi zimene adasunga kale m'mutu: mitsinje, mafumu, nyengo, mmene mbewu zimamerera. Maphunziro amene mwana wanu akuti ndi a makandawo ndi amene akadamuthandiza kumva nkhani imene adamupatsa a Bong. Alamu anu akuti zidzalowa zokha akadzazionanso. Sizidzalowa. Mwana amene akukhulupirira kuti adaphunzira kale chinthu samvetseranso, ndipo mwaona kale kumene maso ake amakhala aphunzitsi akamaphunzitsa.

Yambani ndi mwanayo, musanapite kwa wina aliyense. Muuzeni momveka kuti munthu amene sadziwa chimene sadapatsidwe nthawi yochiphunzira si mbuli, ndipo kuti akuluakulu ndi amene adamuthamangitsa. Musamulonjeze kuti anzake sadzanena kanthu, chifukwa adzanena. Mulonjezeni kuti simudzamusiya yekha pa zimenezi.

Kenaka bwererani kwa a Bong. Apempheni akuthandizeni kupeza malo omaliza amene Eunsol adaima pouma. Mwina ndi giredi 4, mwina m'mbuyo kuposa pamenepo, ndipo musadzidzimuke akakuuzani. Pezani mabuku a sukulu a zaka zimenezo, a boma omwewa amene timawapeputsa, a masamu komanso a sayansi ndi a mbiri, ndipo patchuthichi muziwatsata mutu ndi mutu monga adasanjidwira. Pang'ono patsiku, masana, mwana atadya. Asapite pa mutu wina asanathe kukufotokozerani wapitawo ndi mawu ake, buku litatsekedwa. Mulowetseni kukhitchini aziyeza mpunga ndi madzi. Loweruka mupite naye kunyumba yosungirako zakale kuti mafumu aja akhale ndi nkhope. Ndipo chonde, musakamufunire hagwon ina yoti ikonze zimene yawononga inzake. Ndikudziwa amayi a masiku ano, mwendo umayabwa mwana akakhala pakhomo masana.

Za alamu, imeneyo ndi ntchito ya bambo a Eunsol. Inu mudayesa, adakusekani, chifukwa kwa iwo ndinu wobwera. Auzeni amuna anuwo kuti mchemwali wawo adawalera kuti adzakhale bambo, ndipo nthawi yake ndi ino. Apite ndi bokosi la zipatso, akhale pansi, athokoze kuchokera pansi pa mtima, pakuti alamuwo adachita izi mwachikondi ngakhale zapweteka mwana. Asakatsutsane nawo za kaphunzitsidwe kawo, pamenepo ndi pamene amadyera ndipo sadzagonja. Akangonena kuti mwana akudwala m'mimba chifukwa cha sukulu, ndipo makolo ake agwirizana kuti abwerere m'mbuyo. Akapemphenso okha kuti dzina lichotsedwe pakhomapo, kuti Eunsol adziwe kuti adalichotsa ndi bambo ake, sadachotsedwe ngati wolephera.

Sindikunamizani kuti zitha bwino msanga. Alamu akwiya, ndipo pa chaka chatsopano mudzagwadira apongozi, monga mwa mwambo, m'nyumba yozizira. Chibale ndi fupa sichiwola, koma chimatha kuuma gwa kwa zaka. Amayi apageti aja adzasiya kukufunsani zimene mumamudyetsa n'kuyamba kunong'onezana. Tchuthi chimodzi sichingakwirire dzenje la zaka zonsezi, ndiye Eunsol akhoza kulowa sukulu yapakati akutsimphina, ndipo zotsatira zake zoyamba zingakulizeni. M'mimbamo mukapitirira, kapena akayamba kudzipatula ndi kukana kupita kusukulu, musachedwe, kaonaneni ndi mlangizi wa ana kusukulu kwawo.

Chenjezo langa ndi la inu mwini. Tsiku lina mudzamva kuti mwana wa mnzanu wamaliza buku la sekondale, pamene wanu akulimbana ndi masamu a giredi 4 patebulo lodyera. Mtima udzakuuzani kuti mudalakwitsa, ndipo mudzafuna kumudumphitsa masamba angapo. Tsiku limenelo samalani nkhope yanu. Mwana amene wangoyamba kumene kunena kuti "sindikudziwa" amayang'ana amayi ake nthawi iliyonse akawatchula mawuwo. Akadzangoona manyazi m'maso mwanu kamodzi kokha, sadzawatchulanso. Adzabwerera kunamizira kuti akudziwa, ndipo ulendo uno adzakhala akunamiza inu.

Aphungu